Phazi Loyenda pa Makina Osokera: Kodi Wongoyamba Kusoka Quilt Angathe Popanda Ilo?

Mwezi wa Meyi ukamapita kumapeto, chisanu cha Johannesburg chimayamba kulowa m'zipinda zimene ambiri a ife timachita lendi, ndipo osoka achimalawi a ku Mayfair, Fordsburg, Yeoville ndi Rosettenville amayamba kuliyang'ana ndi diso lina thumba la zidutswa za zitenje limene lakhala likudzaza pansi pa tebulo chaka chonse. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yaikulu, choncho usiku wa Juni ndi Julayi umafuna chofunda chenicheni. Ena amafuna kusokera mwana wakhanda, ena amafuna kutumiza kumudzi pa basi, enanso aona kuti zofunda za zigamba, zotchedwa quilt, zimapeza ogula m'misika ya ntchito zamanja. Koma munthu akangofunsa m'sitolo ya makina osokera kapena kwa anzake amene anayamba kale, amalandira mayankho awiri otsutsana. Wina amamuuza kuti asayambe n'komwe ngati alibe walking foot chifukwa angowononga nsalu, pamene wina amati iye wasoka zofunda zambiri pa makina ake akale popanda chitsulo chimenecho ndipo palibe kasitomala amene anabwezapo katundu.

Onse awiriwa amanena zimene anaona ndi maso awo, ndipo n'chifukwa chake wongoyamba amasowa mtengo wogwira. Kuti munthu adziwe yankho limene likukhudza iyeyo, ayenera kuyamba wamvetsa zimene zimachitika pansi pa singano nsalu zitatu zikamadutsapo pamodzi. M'nkhaniyi walking foot, mtundu wina wa phazi la makina lija lopanikiza nsalu pansi pa singano, ndizilitcha phazi loyenda, popeza ndi mmene limagwirira ntchito.

Quilt ndi ntchito ziwiri, osati imodzi

Quilt ndi chofunda chopangidwa posanjikiza zinthu zitatu n'kuzisokera pamodzi. Pamwamba pamakhala nsalu yooneka, imene nthawi zambiri imakhala ya zigamba zolumikizidwa mwaluso. Pakati pamakhala chofewa choyalidwa ngati bulangete, chimene m'masitolo a nsalu amachigulitsa ndi dzina loti batting. Ndipo kunsi kumakhala nsalu yaikulu yokhudza thupi. Batting amapangidwa kuchokera ku thonje, ku poliyesita, ku ubweya wa nkhosa, kapena posakaniza zina mwa zimenezi, ndipo wina amakhala wopyapyala pamene wina amakhala wofufuma kwambiri. Kusiyana kumeneku tikumbukire, chifukwa kuli pakatikati pa mkangano wonse.

Luso limeneli ndi lakale kwambiri kuposa makina osokera. Chimodzi mwa zofunda zakale zotere zimene zilipobe chinasokedwa ku Sicily chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo gawo lake likusungidwa ku Victoria and Albert Museum ku London. Ku Bengal, dera la ku India ndi Bangladesh, amayi akhala akusanjikiza nsalu zakale n'kuzisoka ndi manja m'timisoko ting'onoting'ono, ntchito imene kumeneko amaitcha kantha. Ngakhale makina atafala, kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri ankaona kuti chofunda chosokedwa mizere pa makina n'chotsika poyerekeza ndi cha manja. Maganizowa anagwedezeka mu 1989, pamene quilt ya Caryl Bryer Fallert yosokedwa pa makina inapambana mphoto yaikulu pa chionetsero cha ku Paducah, m'chigawo cha Kentucky ku America. Choncho funso la phazi loyenda m'nyumba za anthu ndi laposachedwa poyerekeza ndi luso lenilenilo.

Popanga quilt pa makina pali ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kulumikiza zigamba, pamene munthu amasoka nsalu ziwiri zopyapyala n'kusiya mpata wa mamilimita pafupifupi 6 m'mphepete. Pa ntchito iyi phazi wamba limakwanira, ndipo pafupifupi osoka onse amagwirizana pamenepa. Yachiwiri ndi kusoka mizere yoboola zinthu zitatu zija kuti zigwirane, ntchito imene ili ngati luzi lomangira udzu ku nsungwi za denga: popanda luzi mphepo imabalalitsa udzu, ndipo popanda mizere batting amaunjikana mbali imodzi chofunda chikachapidwa kangapo. Mkangano wa phazi loyenda umakhudza ntchito yachiwiriyi, komanso kusokerera mpendero womaliza m'mphepete mwa chofunda.

Mano a pansi ndi phazi wamba

Kwezani phazi la makina anu n'kuyang'ana pa chitsulo chimene singano imalowapo, ndipo muona timizere ta mano ang'onoang'ono. Mukazungulitsa wilo ndi dzanja pang'onopang'ono, muona kuti manowo amachita zinthu zinayi motsatana: amakwera n'kuluma nsalu, amayenda nayo chakumbuyo, amatsika n'kuisiya, kenako amabwerera kutsogolo ali pansi kuti akalumenso. Kayendedwe kameneka kanatulukiridwa ndi Allen B. Wilson wa ku America, amene anakalembetsa kukhala luso lake mu 1854, ndipo mpaka lero pafupifupi makina onse a m'nyumba amakoka nsalu mwanjira imeneyi.

Chofunika kuchiona n'chakuti manowo amakhudza nsalu ya pansi yokha. Phazi wamba siliyenda. Ntchito yake ndi kupanikiza ndi mphamvu ya sipuling'i, ndipo nsalu ya pamwamba imangotsetsereka kunsi kwake ikukhulana nalo. Choncho nsalu ya pansi imakokedwa pamene ya pamwamba imaletsedwa pang'ono. Telala aliyense amene anasokapo makatani aatali amazidziwa zimenezi, chifukwa amadula nsalu ziwiri zofanana koma pofika kumapeto ya pamwamba imakhala yatsalako. Matelala odziwa ntchito amachita kugwiritsa ntchito khalidwe limeneli: poika mkono wa jekete amaika chidutswa chokulirapo pansi, kuti mano adye chotsalacho popanda makwinya.

Pakati pakalowa batting, kusiyana kwakung'onoku kumakula. Yerekezani kuti mwasanjikiza mphasa zitatu, wina waika phazi lake pa mphasa ya pamwamba, ndipo inu mukukoka ya pansi yokha: ya pansi idzabwera, ya pakati idzatsatira monyinyirika, ya pamwamba idzatsalira. Komanso chifukwa batting ndi wofewa, phazi wamba limamira mwa iye n'kumakankha kafunde ka nsalu patsogolo pake, ndipo kafundeko kamakula msoko ukamatalika.

Zimenezi ndinaziona bwino pa chofunda choyamba chimene ndinasokera mwana wa mlongo wanga. Pamwamba ndinaika zigamba za zitenje, pakati batting wofufuma wa poliyesita, ndipo kunsi nsalu yofewa ndi yotentha ya fleece poganizira chisanu. Mizere yoyamba, yoyenda mbali imodzi, inkaoneka bwino. Vuto linayamba nditatembenuza chofundacho kuti ndisoke mizere yopingasa, chifukwa kafunde kaja kakafika pa msoko wakale kanalibe kolowera, ndipo singano inkakasokera pomwepo n'kusiya kakhwinya kopindika pa mphambano iliyonse. Pofika m'mphepete, nsalu ya pamwamba inali itapitirira ya pansi ndi zala ziwiri, ndipo mizere ya zigamba imene inali yowongoka inali itapendekeka. Ndinatha madzulo awiri ndikuphwasula ulusi ndi lezala, ndipo timabowo ta singano tinakhalabe tikuoneka pa chitenje mpaka nditachichapa.

Phazi loyenda ndi mmene limagwirira

Phazi loyenda ndi phazi lokhala ndi mano akeake pamwamba. M'masitolo ena amalitcha even feed foot, ndipo ndi chinthu chomwecho. Limaoneka lalikulu kuposa mapazi ena onse chifukwa kumbuyo kwake kuli kabokosi kofanana ndi ka machesi, mmene muli timasipuling'i ndi tizitsulo, ndipo kumanja kwake kuli kamkono, nthawi zambiri kokhala ndi mphanda, kamene kamakhazikidwa pa sikuluu yomangira singano. Singano ikamakwera ndi kutsika, kamkonoko kamakwera ndi kutsika nayo, ndipo ndi kamene kamapatsa phazilo moyo. Pamene singano ili m'mwamba ndipo mano a pansi akukoka, mano a pamwamba amatsika n'kupana nsalu zonse zitatu pakati pawo ndi anzawo a pansi, n'kuyenda nazo limodzi chakumbuyo, uku chipondero cha phazi chitapepuka kuti chisakhule nsalu. Singano ikamatsika, chiponderocho chimagwiranso nsalu, mano a pamwamba amatukuka n'kubwerera kutsogolo. Munthu akayang'anitsitsa amaona ngati phazilo likuponda masitepe, ndipo dzina lake linachokera pamenepo.

Anthu ambiri pofotokoza amaliyerekeza ndi galimoto yokoka ndi matayala onse anayi m'matope a dzinja. Fanizoli limathandiza, koma limapatsa phazili mphamvu imene lilibe, chifukwa mano a pamwamba a phazi lomangirirali alibe injini yawoyawo yowakankhira kumbuyo. Amatengedwa ndi mano a pansi. Fanizo loyandikira kwambiri ndi la munthu wosuntha mphasa zitatu zija atazigwira ndi manja awiri, lina pansi lina pamwamba: dzanja la pansi ndilo likukoka, koma la pamwamba likupana n'kumayenda nazo m'malo moziletsa. Ntchito yeniyeni ya phazili ndi kuchotsa kukhulana kuja, ndipo munthu akamvetsa zimenezi amadziwa zoyenera kuyembekezera ndi zosayenera kuyembekezera kwa ilo.

Limathandiza kwambiri pa mizere yowongoka yaitali, pa mizere yopingasana, pa mizere yokhota pang'onopang'ono, posoka motsatira msoko wa pakati pa zigamba kuti ulusi ubisale, ndiponso posokerera mpendero, pamene nsalu zosanjikizana zimachuluka. Limathandizanso kunja kwa ntchito ya zofunda, monga pogwirizanitsa maluwa a chitenje mbali ziwiri za msoko, posoka nsalu zotamuka, ndi posoka zikwama. Koma lili ndi malire ake. Limafuna kusoka modekha, osathamangitsa makina. Ambiri mwa mapaziwa sagwira bwino posoka chobwerera m'mbuyo. Limaphimba pang'ono pamene singano ikugwera, ngakhale alipo ena otseguka kutsogolo. Ndipo limachita phokoso logogoda limene wongoyamba angaganize kuti makina awonongeka. Polimangirira munthu amayenera kumasula ndi sikuludiraiva chogwirira phazi chonse, osati kungochotsa chipondero. Cholakwa chimene ongoyamba ambiri amachita ndi kuiwala kukhazika kamkono kaja pa sikuluu ya singano, ndipo zikatero phazilo limangokhala chitsulo cholemera chosathandiza kanthu. Ndi bwinonso kumaimanga sikuluu ya singanoyo nthawi ndi nthawi, chifukwa kugogoda kwa kamkonoko kumatha kuimasula.

Dzina limodzi, zinthu zitatu

Gawo lina la chisokonezo limabwera chifukwa mawu oti walking foot amatchulidwa pa zinthu zitatu zosiyana. Munthu akawalemba pa intaneti pofuna kugula, angaone kachitsulo kokwana m'dzanja pambali pa makina aakulu a m'fakitale okwera mtengo kwambiri, onse ali ndi dzina limodzi.

Choyamba ndi phazi lomangirira limene tafotokozali. Chachiwiri ndi mano a pamwamba obwera kale ali m'makina ena a m'nyumba. Kampani ya Pfaff ya ku Germany inayamba kuika zimenezi m'makina ake mu 1968, ndipo masiku ano imazitcha IDT. Bernina ili ndi yake yotchedwa Dual Feed, ndipo Janome ili ndi AcuFeed. Pa makina a Pfaff ndi Bernina okhala ndi zimenezi pamakhala kamkono kuseri kwa phazi kamene munthu amangokatsitsa, ndipo kamayendetsedwa ndi makinawo. Amene ali ndi makina otere angakhale kuti ali nacho kale chimene akufuna kukagula.

Chachitatu ndi makina a m'fakitale osokera zikopa, mipando ya sofa, mipando ya galimoto ndi matenti, monga Singer 111W155 yakale kapena Juki DNU-1541. M'makina amenewa mapazi awiri amasinthana kuponda, ndipo phazi la m'kati, singano ndi mano a pansi zimayenda limodzi zikukoka ndi mphamvu ya makina. Apa m'pamene fanizo la galimoto ya matayala anayi limakwanira. Makina otere anapangidwira ulusi wokhuthala ndi zinthu zolimba, ndipo palibe amene amanena kuti wongoyamba kusoka chofunda cha mwana ayenera kuwagula.

Kodi lidzakwana pa makina anu?

Funso ili limakhudza kwambiri ife a kuno, chifukwa makina amene Amalawi ambiri ali nawo ku Johannesburg ndi a mitundu yosiyanasiyana, ena ogula kwa munthu, ena ochoka nawo kumudzi. Mapazi a makina a m'nyumba amasiyana kutalika kwa khosi lake, kutanthauza mtunda wochokera pa chitsulo cha singano kufika pa sikuluu yomangira phazi, phazilo litatsitsidwa. Ngati mtundawo sukufika masentimita 2, makinawo ndi a low shank, ndipo makina ambiri a m'nyumba a Singer, Brother ndi Janome ali m'gulu limeneli. Ngati uli masentimita 2.5 kapena kuposerapo, ndi a high shank. Palinso makina ena a Singer a singano yopendekeka, amene anayamba ndi Singer 301 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo amafuna phazi laolao, monganso Bernina imene ili ndi kamangidwe kakekake.

Kutalika kwa khosi si kokhako. Mano a phazi ayenera kugwera pamwamba penipeni pa mano a makina, chifukwa akaphonyana alibe chopana. Makina akuda opalasa ndi mapazi, monga Butterfly ya ku Shanghai ndi ena otengera kapangidwe ka Singer 15, amene matelala a pakhonde kumudzi amawadalira, ali ndi mano oyandikana chifukwa amasoka msoko wowongoka wokha, pamene mapazi oyenda ambiri otsika mtengo anapangidwira makina a zigizagi a mano otalikirana. Phazi lotere lingamangike bwinobwino koma osagwira ntchito yake, ndipo mwina ena mwa amene amati phazi loyenda n'lopanda phindu anakumana ndi zimenezi.

Matelala ambiri m'mashopu a m'tauni amasokera makina a m'fakitale a singano imodzi, monga Juki DDL-8700, amene amatha kufika misoko 5,500 pa mphindi imodzi. Phazi loyenda la makina a m'nyumba silinapangidwire makina oterewa. Amene amasokera pamenepo amadalira zina: kumasula sikuluu ya pamwamba imene imachepetsa kupanikiza kwa phazi, kapena kuika phazi la Teflon loterera, kapena la timawilo. Aliyense wofuna kugula phazi ndi bwino apite ku sitolo ndi dzina ndi nambala ya makina ake, ndipo asanatero ayang'ane m'bokosi limene makinawo anabweramo, popeza ena amabwera nalo kale.

Kumangirira: zimene amachita osoka popanda phazili

Zinthu zitatu zija zisanapite pa makina zimayenera kugwirizitsidwa kwa kanthawi kuti zisasunthe, ntchito imene m'Chingerezi amaitcha basting. Kale ankachita zimenezi ndi ulusi wa manja m'misoko italiitali, ndipo ena amachitabe choncho. Ambiri lero amagwiritsa ntchito mapini otseka onga omangira thewera, makamaka opindika, ndipo ena amagula guluu wopopera amene amachoka pochapa. Nsalu ya kunsi imayalidwa pansi kapena pa tebulo nkhope yake itayang'ana pansi, n'kumatidwa ndi tepi m'mphepete kuti iwongoke popanda kukokedwa mopitirira, kenako pamabwera batting, kenako ya pamwamba. Mapini amaikidwa kuyambira pakati kupita kunja, motalikirana ngati chikhatho cha munthu, pafupifupi masentimita 10. M'chipinda chalendi chimene bedi limatenga theka la malo, ntchitoyi imachitidwa pa tebulo chigawo ndi chigawo, ndipo imatenga nthawi imene wongoyamba sanayembekezere.

Apa m'pamene ndaona kuti mbali ziwiri zija zimakumana osadziwa. Amene amati phazi loyenda silofunika nthawi zambiri ndi anthu omangirira mosamala kwambiri, ndipo amachita zinthu zina zingapo zimene kwa iwo zinasanduka chizolowezi moti amaiwala kuzitchula. Amasankha batting wopyapyala wa thonje, amene amagwirana ndi nsalu ya thonje m'malo moterera, ndipo ena amaika nsalu ya flannel kapena bulangete lopyapyala lakale. Amachepetsa kupanikiza kwa phazi ngati makina awo amalola. Amatalikitsa msoko kufika mamilimita 3 kapena kupitirirako pang'ono, n'kuika singano yatsopano ya nambala 90/14. Amayambira pakati pa chofunda, amasoka modekha, manja onse awiri atayalidwa mbali ndi mbali ya singano kuti nsalu ikhale yosalala koma osaikoka, ndipo amaika tebulo kapena thabwa lositirapo kumanzere kuti kulemera kwa chofunda kusakoke pansi. Ambiri a iwo amapewanso mizere yopingasana, kapena amaitalikitsa. Pa pepala la batting pamalembedwa mtunda umene mizere ingatalikirane, ndipo wina amafuna masentimita 5 mpaka 10 pamene wina amalola mpaka 25, zimene zimachepetsa kwambiri misoko yofunika.

Palinso njira zopewera vutolo kotheratu. Ina ndi kusoka chofunda m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse ndi batting wake, n'kuzilumikiza pomaliza, chifukwa msoko waufupi supatsa kafunde kaja mpata wokula. Ina ndi kuboola zinthu zitatuzo ndi ulusi wokhuthala apa ndi apo n'kumanga mfundo ndi manja, njira yakale imene imayenda bwino ndi batting wofufuma.

Kumbali inayo, amene amadalira phazi loyenda amavomereza kuti silikonza chimene chinalakwika pomangirira. Ngati nsalu ya kunsi inayalidwa molefuka, idzapindika ndithu ndipo munthu adzaziona atatembenuza chofunda, kaya phazilo lilipo kapena palibe. Silithetsanso vuto la nsalu zofupika mosiyana. Chitenje chiyenera kuchapidwa ndi kusitidwa chisanadulidwe, chifukwa china chimasuluka mtundu ndipo china chimafupika. Shweshwe, nsalu ya ku Eastern Cape imene ambiri amakonda kusakaniza ndi zitenje, imabwera itauma ndi sitachi ndipo imafewa pokhapokha itachapidwa. Zitenje zosakaniza ndi poliyesita, zimene zachuluka pamsika, zimaterera kwambiri kuposa za thonje lokhalokha, ndipo fleece imatamuka; pa nsalu ziwiri zimenezi ngakhale osoka odziwa amavomereza kuti phazi loyenda limapeputsa ntchito.

Pali mayeso osavuta amene amayankha funsoli pa makina a munthu aliyense payekha. Dulani kachidutswa ka masentimita 40 mbali zonse ka nsalu ya pamwamba, batting ndi nsalu ya kunsi zomwezo zimene mukufuna kugwiritsa ntchito, mumangirire, ndipo musoke mizere yotalikirana masentimita 3 mbali imodzi, kenako yopingasa. Mukatero muyang'ane pa mphambano iliyonse ndi m'mphepete. Muzikumbukira kuti pa chofunda chachikulu kusuntha kulikonse kumene mwaona kudzachuluka, chifukwa misoko idzatalika ndipo kulemera kudzawonjezeka.

Kusoka moyendetsa nsalu ndi manja

Pali mtundu wina wa kusoka mizere umene phazi loyenda silikhudzidwa nawo n'komwe, wotchedwa free motion. Mano a pansi amatsitsidwa kapena kuphimbidwa, pa makina pamaikidwa kaphazi kozungulira kodumphadumpha kamene kanapangidwira kuphimba zibowo pa zovala, ndipo wosoka amayendetsa nsalu ndi manja ake mbali iliyonse, ngati munthu wojambula amene cholembera chake chili chilili koma akusuntha pepala. Maluwa, masamba ndi mizere yozungulirazungulira imene timaiona pa zofunda za m'zionetsero imasokedwa chonchi. Kutalika kwa msoko kumadalira kugwirizana kwa manja ndi liwiro la makina, ndipo zimenezi zimafuna nthawi yoyeserera, n'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amayambitsa ophunzira awo ndi mizere yowongoka.

Zimene osoka sanagwirizanebe

Palibe malire amene onse amavomereza a kukula kwa chofunda kumene phazi wamba limayamba kulephera. Ambiri amagwirizana kuti kansalu koikapo mbale yotentha kapena pilo sizivuta, ndipo ambiri amagwirizananso kuti chofunda cha bedi lalikulu cha mizere yopingasana chimatopetsa popanda phazi loyenda. Koma chofunda cha mwana, chimene ongoyamba ambiri amayambira, chili pakatikati, ndipo wina amachitha bwino pamene wina amaphwasula. Kodi kusiyanaku kumachokera ku makina, ku batting, kapena ku manja a wosoka, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chimatengapo gawo lalikulu bwanji?

Sanagwirizanenso pa nkhani ya mapazi otsika mtengo opanda dzina la kampani. Ena amawagwiritsa ntchito zaka zambiri osadandaula, ena amati mano ake sagwera pamalo ndipo amatha msanga, ndipo phazi la kampani imene inapanga makinawo limakwera mtengo kangapo. Kwa munthu amene ndalama yomweyo ayenera kulipira lendi ndi kutumiza kumudzi, funso limakhala lakuti ndalama yoyamba ipite ku phazi, kapena ku mapini ambiri ndi batting wabwino wa thonje.

Pali kusiyana maganizo pa kaphunziridwe. Aphunzitsi ena amati wongoyamba apatsidwe phazili msanga kuti chofunda chake choyamba chituluke bwino, asagwe ulesi n'kusiya. Ena amati amene wayamba ndi phazi wamba amaphunzira kumva nsalu ndi zala ndipo amamangirira mosamala moyo wake wonse. Ndiponso si onse amene amaona kakhwinya ngati cholakwa chofanana. Chofunda cha thonje chikachapidwa chimafupika pang'ono n'kukhala ndi timakwinya tofewa paliponse timene timabisa zolakwika zing'onozing'ono, ndipo agogo olandira mphatso kumudzi sadzawerenga mphambano za misoko. Koma wogula pamsika wa ntchito zamanja amatembenuza chofunda n'kuyang'ana kunsi asanatulutse ndalama. Kodi wosoka amene lero akusokera mwana wa mlongo wake, koma akuganiza zodzayamba kugulitsa chaka chamawa, adziyese ndi muyezo wa agogo kapena wa wogulayo?